Khoti la ku London Latikana

Lachinayi, Febuluwale. Tsiku landilemera, ndipo mvula sinakate.

Maloya anzathu a ku London anayimba foni m'mawa. Khoti la kumeneko lakana kumva mlandu wa amayi othyola tiyi, aja ankagwiriridwa ndi kapitawo powaopseza kuti awachotsa ntchito. Akuti eni esiteti amakhaladi ku London, koma zoipazo zinachitikira ku Thyolo, choncho tikasume kuno. Chonsecho kampani ya kuno inagulitsidwa, ndipo ogulawo akuti zakale sizikuwakhudza. Ndine loya, koma sindikudziwa woti ndimusumire.

Masana ndinapita ku Thyolo, kwa Goliati, kukauza mayi Esinati, amene anali oyamba kupereka umboni. Chiyankhulireni, esiteti sinawalembenso ntchito, ndipo amuna awo anawathawa. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Anamvetsera osandidula, kenako anaika mpeni pansi.

"Aloya, tiyi ndinkathyola uja amafika ku London?"

"Amafika, mayi."

"Nanga mawu angawa akanika bwanji kufika?"

Ndinangotchula za apilo. A ku London akuti ayesa, koma pafoni amamveka ngati anthu oti atopa nafe. Mayi Esinati anatola mpeni n'kupitiriza kusenda.

Pobwerera ndinadutsana ndi kapitawo uja ali pa njinga yamoto, atavala jombo zatsopano. Anandikwezera dzanja, akumwetulira.

Mawa ndikawauze amayi a ku Makwasa. Ena ananena pamaso panga zimene sanauzepo ngakhale ana awo, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambira pati...