Chishango cha Adada pa Khoma la Sitima

Edingeni,
Mzimba.
9 Ogasiti, 1912.

Okondedwa achimwene a Jonasi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo kumigodi ya ku Joniko. Kuno tadzuka. Chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo ng'ombe yanu yamawanga ija yabereka. Koma ndapota, musawerengere kalatayi pakati pa anzanu. Pezani malo oti mukhale nokha.

Munamva kuti mkazi wa mzungu wa sitolo ku Boma, amene timangomutchula kuti Dona, ananditenga kuti ndikamuberekere mwana mpaka ku Chinde, kunyanja ya mchere, kumene anakwera sitima yaikulu yopita kwawo. Ndinabwerako mwezi watha. Sitima zapamadzi zimene ndinakwera zinali zitatu, zonse za kampani imodzi, koma mukalowa m'kati simungakhulupirire kuti mwini wake ndi mmodzi.

Yoyamba, ya panyanja yathu ino, chipinda chake chodyera chinali cha matabwa akuda opukutidwa mpaka kung'anima, pansi atayala nsalu yofiira yokhuthala moti phazi silimveka. Nyale zamkuwa zinkalendewera kudenga n'kumagwedera. M'makoma munali zithunzi za mapiri akwawo, ndi ng'ombe zaubweya wautali wotseka m'maso. Ndinaseka ndekha, ndinati izi ngakhale pa lobola palibe angazilandire. Yachiwiri, ya pamtsinje, inali yoyera paliponse: mipando ya nsungwi, makatani opyapyala ngati ukonde wa kangaude, mitengo yobzala m'miphika m'kati mwa chipinda, achimwene, m'miphika! Munalinso galasi loyambira pansi mpaka kudenga. Tsiku loyamba ndinapatuka kuti mayi wina wobereka mwana wachizungu adutse, ndipo nditamuuza kuti yewo m'pamene ndinaona kuti ndikulonjera ine ndemwe. Dona anaseka mpaka kutsokomola.

Pobwerera ndinali ndekha, ndipo ndinakwera sitima yachitatu. Ife anthu akuda tinkakhala kunja, pambali pa nkhuni za injini. Tsiku lina masana bambo wina woperekera zakudya, Msena dzina lake Cosmas, anandiona ndikusoka bulauzi, ndipo anandipempha kuti ndikamusokere katani imene inang'ambika m'chipinda chodyera. Tikupita anandiuza kuti, “Mlongo, kampaniyi sitima iliyonse imaiveka zovala zakezake. Azungu amasankha yokwera poona m'kati. Ino ndi ya alenje, musaope.”

Ndinalowa. Pansi panali zikopa za mikango, mitu ikadali pomwepo, kukamwa kuli yasa. M'makoma mitu ya njati ndi nyanga za ngoma. Pakhomo panali phazi la njovu lokumbidwa m'kati, ataikamo maambulera. Ndipo pakhoma lapakati, pamwamba pa mikondo iwiri yopingasa, panali chishango chakuda, chokhala ndi banga loyera kumanzere looneka ngati chikhatho cha munthu.

Singano inagwa m'manja mwanga. Ndinadziuza kuti ng'ombe zakuda n'zambiri padziko. Ndinasendera pafupi. Kumunsi kwa ndodo yake kunali chilembo cha J chokhota, chija munachisema ndi mpeni mutangoyamba sukulu ku Embangweni, adada n'kukukwapulani mpaka amama kukubisani kwa aneba. Achimwene, chinali chishango cha adada. Kumtunda kwa ndodoyo mzungu wina anali atakolekapo chipewa chake, iye ali pansi pake akusuta kaliwo.

“Mlongo, mwaona njoka?” anafunsa Cosmas.

Ndinati, “Ichi n'cha bambo anga. Ndichotsereni.”

Anandikokera kunja msangamsanga. Anati chinakhomedwa ndi misomali, ndipo atachigwira akhoza kukathera kundende. Chimene ankadziwa n'choti zinthu zonsezo kampani inagula kwa mzungu wina amene ankayenda m'midzi ya kumtunda kuno kusonkhanitsa nyanga ndi zikopa. Katani sindinasoke.

Njira yonse ndinkaganiza za tsiku la maliro a adada. Mukukumbukira kuti amuna atamaliza kukumba manda pafupi ndi khola, anatuma munthu kukatenga chishango kuti adada apite nacho monga mwa mwambo, koma sichinapezeke. Abale awo a adada analoza amama aang'ono a Rute, mkazi wachiwiri wa adada, kuti achiba kuti akachitire ufiti. Iwo sanayankhe kanthu. Inu ndinu munakwera padenga la nyumba yawo n'kuyamba kusasula udzu, ine ndili pansi ndikulandira. Anachoka m'mudzi atasenza kamtolo kamodzi. Ndiye ndinkadzifunsa kuti, mfiti imaba chishango kuti ikachipereke kwa mzungu?

Nditafika ndinawapeza amama kudimba akuthirira mpiru. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti alira. Anaika chidebe pansi, nandifunsa kuti, “Chili kutali chomene?”

Ndinati, “Kutali, amama. Chimangoyenda pamtsinje, kukwera ndi kutsika.”

Anati, “Mbwenu zili bwino. Ndinachichotsa ndine.”

Ndinakhala pamatope pomwepo. Inu ndi ine timadziwa kuti amama ndi Mchewa wa ku Kasungu, n'chifukwa chake timayankhula Chichewa m'nyumba, koma palibe wa ife anafunsapo kuti anabwera bwanji kuno. Anandiuza ali chiimire. Nkhondo ya Angoni itagwa m'mudzi mwawo, iwo anali kamtsikana, ndipo anabisala m'nkhokwe pamodzi ndi mlongo wawo wamkulu. Chinthu choyamba chimene anaona denga la nkhokwe litachotsedwa chinali chishango chakuda cha banga loyera. Mlongo wawoyo analumpha kuti awatchinge. Mwini chishango anamupanikiza nacho pansi n'kumubaya, kenako anawagwira amama padzanja. Munthuyo anali adada.

Anati, “Zaka zonsezi ndakhala ndikusesa pansi pa chishango chimenecho. Ndinawaphikira bambo ako, ndinawaberekera ana, ndinawasamala akudwala, sindinawachitire choipa. Koma tsiku lija ndinaganiza kuti kumene akupitako mlongo wanga aliko. Ndinati asakafike nacho.”

Anachikulunga m'mphasa anthu ali otanganidwa kukhola, nachibisa m'tchire. Patapita miyezi anachipereka kwa mzungu wogula zikopa uja. Iye anafuna kuwapatsa nsalu, iwo anakana.

Ndinafunsa kuti, “Nanga amama a Rute?”

Apo m'pamene analira. Anati anachita mantha, ndipo tsiku lililonse limene anakhala chete linkachititsa kuti lotsatira likhale lovuta koposa.

Sabata yatha tinapita tonse awiri kukawafuna amama a Rute. Akukhala kumalire a Kasungu, m'kakhumbi kuseri kwa nyumba ya mbale wawo wina, ndipo amasoka fodya wa eni ake kuti adye. Aonda, achimwene, simungawazindikire. Amama anagwada patali n'kuyamba kufotokoza, koma iwo anawadula mawu.

Anati, “Dzukani. Ndinakuonani mukutuluka nacho m'mphasa.”

Ndinafuula kuti, “Munaona? Bwanji simunanene pamene ankakutchulani mfiti?”

Iwo anati, “Iwe mwana, inenso bambo ako ananditenga pankhondo, kwa Asenga, patangotha chaka atatenga amayi ako. Chishango chimenecho ndinachidziwa ndisanawadziwe amayi ako.”

Azimayi awiriwo anakhala pamphasa imodzi mpaka dzuwa kupendeka, akusenda mtedza, akuyankhula za anthu akwawo amene ine sindinamvepo mayina awo. Titawapempha kuti tibwerere nawo ku Edingeni anakana. Anati, “Denga langa anasasula ndi Jonasi. Akadzalifolera ndi manja ake ndidzabwera. Munthu wina asaligwire.”

Abale awo a adada sitinawauze. Amama akuti adzanena okha pabwalo, koma akufuna inu mudzakhalepo, chifukwa sitikudziwa chimene adzawachite, ndipo mwana wamwamuna m'nyumba muno ndinu nokha. Ine sindikudziwanso kuti adada ndiwaganizire motani. Ndimawakumbukira akundinyamula paphewa kukaona ng'ombe zikumwa madzi, ndipo ndimakumbukiranso zimene ndamva kudimba, ndipo zonsezi ndi munthu mmodzi. Mwina inu mukwiya ndi amama. Kwiyani, koma bwerani. Pemphani tchuthi kwa akapitawo anu mvula isanagwe. Makoma a nyumba ija akadali chiimire, ndipo udzu ndayamba kale kumweta.

Ana a kwa adada aang'ono akupereka moni, ndipo aphunzitsi a ku Embangweni amafunsa za inu. Amama akuti muzivala zofunda, amva kuti kumeneko kumazizira. Amama a Rute nawonso akuti ndikupatseni moni. Ndinawafunsa kawiri ngati akufunadi kuti ndilembe zimenezo, ndipo anati lemba, umuuze kuti ndi mwana wanga.

Ndine mlongo wanu,
Eneless NyaShaba