Nanunso Musamale

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tili bwino, ana akupereka moni.

Uthenga wanu wandipeza, woti ndisamuchititse manyazi mwana wanu kuntchito kwake. Azakhali, ntchito yanga mukuidziwa. Ndimaphunzitsa makampani kukonza ndondomeko yosamalira chilengedwe, kuti zinyalala ndi madzi oipa zizidziwika kopita. Fakitale ya utoto imene msuweni wangayo akuyang'anira inandiitana yokha, sindinadziitane.

Tili m'kalasi ndi mabwana a pafakitalepo, ndinafunsa kumene madzi otsukira migolo amapita. Msuweniyo anati, "Timataya." Ndinati, "Kutaya kuti?" Ndiye ndinawatulutsa mabwanawo, mataye ali m'khosi, tinatsata paipi mpaka kuseri kwa mpanda. Imathira mumtsinje momwe azimayi amachapiramo matewera.

Pobwerera msuweniyo anandinong'oneza uku akumwetulira: "Asuweni, mwatiphunzitsa kusamala. Nanunso musamale."

Mumuuze kuti ndamva. Kusamala ndiyo ntchito imene ndinaphunzira, ndipo Lolemba ndikubwereranso. Phunziro lachiwiri likachitikira pakamwa pa paipi pomwepo, abwere atavala majombo.

Za galimoto yachilendo imene yayamba kumaima pageti panga sindinena zambiri, mungasowe nazo tulo. Za manja a kamtsikana kamene ndinakapeza kakusewera m'madzimo tidzakamba pamaso.

Mukamandipempherera, musapemphe kuti ndifatse. Mupempherere mwana wanu, chifukwa paipi ija akaitseka, kaya mwaulemu kaya mwamanyazi.

Ndine mwana wa achimwene anu,
wosamva uja.