Mayina a pa Msolo

Lolemba, 3 Disembala 1973

Mvula palibe. Chimanga chomwe tinadzala ndi mvula yoyamba chapserera m'mizere. M'mawa uno azimayi atatu abwera kudzandipempha kuti ndikathire mbopesi pa mtengo wa msolo, nsembe ya ufa ija. Chaka chonse anthu omwewa amandidutsa ngati chitsa. Lero akuti aChe Uladi, tithandizeni. Ndawauza asinje mapira, Lamulungu tikathira.

Lachiwiri, 4 Disembala

Sufiyani wabwera. Mwana wa mlongo wanga Lukiya, amene ndinamuperekeza ndekha ku jando, lero ndi tcheyamani wa chipani m'mudzi muno. Mpando ndinamupatsa, sanakhale. Ndi yemweyu ananena pa msonkhano chaka chatha kuti za pa msolo ndi zaumbuli, anthu n'kundiseka. Sindinaiwale.

Akuti nsembe wailola. Ngati mtengowo anadzala ndi iye. Koma kubwera aBizwick, akulu a chipani a ku Nsanama, ndiye potchula mayina ndiyambe ndi la Wamkulu wa dziko. Dzina lakelo sindilemba m'kope muno, ndizingoti W. Akuti paliponse anthu akasonkhana, dzina la W. limakhala patsogolo.

Ndinamufunsa ngati akudziwa amene timawatchula pa msolo. Akuti alibe nthawi ya nthano, amjomba mungochita zomwe mwauzidwa, mukakana galimoto ikubwererani. Ulendo.

Lachinayi, 6 Disembala

Pa msolo timaitana akufa okha. Ndimayamba ndi Abiti Mkwanda amene anatsekula mudzi uno, n'kumatsika mmodzimmodzi mpaka womaliza kuikidwa m'manda. Ukatchulapo wamoyo wamulowetsa m'gulu lawo, ndiye kuti wawauza adzamutenge. Kale ngakhale mwana wosavinidwa ankadziwa zimenezi.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma ndayenda. Ku Bama, komwe ndinapita usilikali nthawi ya nkhondo, asilikali achimwenye anali ndi chithunzi cha mulungu wawo wamkazi, manja ambirimbiri, lilime panja. Ankamuikira maluwa ndi mpunga. Anzathu a ku Nsanje usawayambe za Mbona wawo, sangamalize. Kuno tili ndi Napolo, akamasamuka phiri limatsika naye. Konseko sindinaone munthu akuika amoyo ndi mizimu m'mbale imodzi. Ayambitse ndi Sufiyani wa Sitandade 8.

Lachisanu, 7 Disembala

Anthu atatuluka mu mzikiti kwabwera Lukiya. Kulira. Akuti achimwene, dzina limodzi lokha likupwetekani chiyani, mukufuna mukafere kundende?

Ndamufotokozera. Ndikapanda kutchula, Uladi ndi woukira. Ndikatchula, mawa wina akanong'oneza ku boma kuti Uladi waperekera W. kwa akufa. Konsekonse chingwe ndi changa. Anagwira pakamwa. Iyenso anali ataiwala, chikhalirecho amayi athu ndi amene ankasinja ufa wa nsembeyi.

Akuti ndipite ndikamuuze mwanayo bwinobwino. Iyayi. Ndinayesa, anandidula. Abwere yekha, akhale pansi, afunse.

Loweruka, 8 Disembala

Sanabwere. Amake akuti anamuuza, iye n'kunena kuti ndi machenjera a nkhalamba. Ufa wafika. Kumwamba kuli mbee.

Lamulungu, 9 Disembala

Anthu anadzaza, mpaka amene amati sadya za mizimu anaima chapatali pa chulu. ABizwick pa mpando, kope pa bondo, Sufiyani pambali pawo.

Ndinavula nsapato, ndinagwada. Ufa pang'onopang'ono, dzina ndi dzina. Abiti Mkwanda. Che Mbalaka. Onse mpaka aNafisa, mkazi wanga, amene tinaika mwezi wa Juni. Sufiyani anakhosomola kawiri, ine osacheuka.

Nditamaliza ndinatapa ufa wina, n'kutembenuka.

"Atcheyamani, onse ndatchulawa ali m'manda. Pano timaitana akufa okha. Munandilamula dzina lina. Nenani anthu akumva, nditchule?"

ABizwick anamuyang'ana Sufiyani n'kumufunsa kuti ndi dzina lanji limenelo. Apo ndi pomwe ndinazindikira kuti iwo sanatume zimenezi. Mwanayu anaziganiza yekha, kufuna kuwasangalatsa.

Kenako Sufiyani motsitsa anati, "Musatchule, amjomba."

Ufa uja ndinaubwezera m'lichero. Azimayi anaomba m'manja mwa nsembe, tinabalalika. Ndabwera kunyumba mutu uli m'mwamba. Chaka chathunthu ndakhala ndikudikira tsiku limeneli. Aseke tsopano.

Lolemba, 10 Disembala

Galimoto yabweradi, koma yadutsa pakhomo panga. Yaima kwa Lukiya. Amutenga Sufiyani, akuti akafotokoze ku Nsanama chimene amafuna potuma dzina la W. kwa akufa.

Lukiya waima pabwalo langa, sanalowe, sanalire. Wangoti, "Mwapambana, achimwene." N'kubwerera.

Mwanayo ndi mbuli, mfiti ayi. Zoti sankadziwa mwambowu, wozinena n'kumveka ndine ndekha. Akhoza kunditsekera limodzi. Anditsekere. Wa m'mimba mwa mlongo wanga sindinamupereke kwa mizimu, sindimupereka kwa iwo.

Ndabwereka njinga kwa aAbdulaziz kuti ndipite ku Nsanama. Tayala lakumbuyo ndi lophwa, akulipopa.