Dzina la Tisa Sindilemba

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno ku Chawama mvula yabwera ndi ukali. Madzi analowanso m'nyumba mpaka m'miyendo ya bedi, koma mpapaya umene munabzala uja ukadali chilili. Mkazi wa mlongo wanga Yohane wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Mawu ake ndi anu enieni, aja munkaitanira ogula matimati pamsika.

Koma mtima wanga suli m'malo, Amayi. Kusukulu kumene ndikuphunzitsa, ba Hedi, mkulu wa sukuluyo, anabwera kuchokera kumsonkhano wa akuluakulu a maphunziro nkhope itagwa. Akuti anawaimiritsa pamaso pa anzawo chifukwa ana athu a giredi naini sanakhoze bwino chaka chatha. Tsopano pakhoma la ofesi pali chipepala cha mizere yofiira ndi yobiriwira yoonetsa mmene sukulu iliyonse yakhozera mayeso, aliyense akalowa maso amathamangira pomwepo. Zoti ana amakhala anayi pa desiki imodzi, zoti mvula ikagwa kalasi imasanduka dziwe, pachipepalapo zilibe malo.

Ndiye apeza njira. Mphunzitsi aliyense alembe maina a ana ofooka, tiwauze makolo kuti abwereze kalasi, mayeso asalembe chaka chino. Akachotsedwa amenewo, mzere wa sukulu ukwera. Ha! Si inu munkanena kuti wobisa matimati ovunda pansi pa mulu amagulitsa tsiku limodzi lokha? Ndiponso ana awa sanavunde, Amayi.

Mwa ofookawo muli Tisa, mwana wa malemu ba Esinati, oyandikana nafe aja. Amafika mochedwa chifukwa amayamba watungira madzi azakhali ake. Azakhaliwo ananeneratu kuti akangobwereza, sukulu yathera pomwepo, apita kukagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi. Ba Hedi si munthu woipa ayi, nawonso akuopa kusamutsidwa. Inenso ndikuopa, ndisaname. Pepala lolembapo mainalo ndalipinda, ndalitambasula, ndalipindanso, latsala pang'ono kung'ambika.

Ndakumbuka chaka changa cha giredi seveni, aphunzitsi atanena kuti mutu wanga ndi wouma, ndidikire chaka china. Munasiya thebulo lanu pamsika, n'kukayala chitenje pakhomo la ofesi. Munakhala pomwepo kuyambira m'mawa mpaka belu lomaliza, osatukwana, osachonderera, mpaka anandilemba pa olemba mayeso. Ine ndinachita manyazi anzanga akuseka, ndipo sindinakuthokozeni nkomwe. Mundikhululukire. Lero cholembera chili m'manja mwanga, ndipo Tisa alibe woti akamukhalire pakhomo.

Lachisanu ndiye tsiku lopereka mainawo. Ndikukulonjezani, Amayi, pepala langa ndikapereka lopanda dzina ngakhale limodzi. Akalikana, chitenje chanu chobiriwira chija ndachitulutsa kale m'sutikesi. Ndachichapa, chili pachingwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mailesi