Chipu Chakale ndi Manja a Amalume

Lolemba, 3 Malichi
Woweta nkhuku uja wabweranso kushopu yathu yokonza zamagetsi. Akufuna kachipangizo koyatsa mafani khola likatentha, kazimuuzanso pa foni. Mwezi watha anapiye ake anafa ambiri iye atachokapo. Ine ndati tigwiritse ntchito chipu, ubongo wa kachipangizoko, chatsopano cha 32-bit, wayifayi ili momwemo. Amalume akana. Akuti chakale cha 8-bit sichidya batire, sichivuta kukonza, ndipo sichinawachititsepo manyazi. Zoona zonse. Nanga foniyo chilankhula nayo bwanji?

Lachiwiri, 4 Malichi
Mkangano womwewo. Ndaika ziwirizo patebulo: chawo cha miyendo ikuluikulu ngati bongololo, changa ngati chikhadabo cha khanda. Angoti ine ndimatengeka ndi zonyezimira. Zandipweteka. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi iwo omwe, ndipo kale ankati wokonza zamagetsi asamaope zatsopano.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndabwerako msanga ku nkhomaliro. Ndawapeza ataweramira chipu changa chija pansi pa galasi lokulitsa, chowotcherera chili m'manja. Nsonga yake ikungovina. Agwira mkonowo ndi dzanja linalo, osatheka. Mtovu wadontha n'kumata timiyendo tonse pamodzi. Sanandione. Ndabwerera chafutambuyo, ndakaima pakhonde mpaka nditamva akutseka dilowa.

Kani nkhani si batire.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndaimbira akazi awo. Akuti manjawo anayamba kunjenjemera chaka chatha, tiyi amamwa atagwira kapu ndi manja awiri. Kunyumba nkhaniyi sikambidwa. Andipempha ndisaulule kuti andiuza.

Loweruka, 8 Malichi
Ndawauza amalume kuti tingotenga cha 8-bit chomwecho, za foni tidzaona m'tsogolo. Andiyang'ana nthawi yaitali.

"Unandiona Lachinayi, eti? Usandimvere chisoni chotere, mwananga. Nkhuku za eni zife chifukwa cha manja anga?"

Tatseka shopu, aliyense n'kulowera kwake.

Lolemba, 10 Malichi
Ndapeza mpando wanga ausunthira patebulo lawo, pomwe pali nyali yabwino ndi galasi. Iwo ali pakompyuta, akuwerenga za chipu chatsopanocho uku akung'ung'udza kuti amene analemba buku lake analibe chifundo. Osatembenuka n'komwe anati pulogalamu alemba iwo, ine ndiziwotcherera.

Ndili mkati mowotcherera kamwendo koyamba, ndawamva akunena motsitsa mawu:

"Lachitatu usalandire ntchito ya munthu. Undiperekeze kuchipatala."