Musatumizenso Zitsulo za Njinga ya Ababa

Cárdenas, Lachitatu

Okondedwa achimwene anga a Osmany,

Atamandike Yesu Khristu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Yaíma ndi ana kumeneko ku Tampa. Kodi msana uja unasiya kuvuta? Kuno tili moyo mwa chisomo chake. Magetsi akuzimazimabe, koma tikudya.

Katundu munatumiza uja anafika: tcheni, mapedulo ndi machubu. Ababa anachita kumununkhiza ngati buledi wotentha. Zikomo. Koma achimwene, ndagwira mwendo wanu, musatumizenso chitsulo chilichonse cha njinga. Werengani mpaka kumapeto musanandikwiyire.

Za ngozi ya mu Januwale ija sindinakuuzeni zonse. Ndinati Ababa anaterereka, koma zoona zake n'zakuti anawomba kumbuyo kwa ngolo ya hatchi dzuwa likuswa mtengo, osaiona. Adokotala akuti diso lamanzere linatheratu, lamanja likutsatira, ndipo njinga asadzakwerenso. Ababa anangoseka, amvekere, "Adokotala, misewu ya muno ndinayamba kuipalasa inu muli kumsana. Njingayi imadziwa yokha kwawo."

Mukuidziwa njinga ya ku China ija anawapatsa kufakitale ya shuga m'zaka za njala, imene ankatinyamulapo tonse awiri. Atangotuluka m'chipatala anaiphwasula yonse. Foloko yopindika anaiwongola, dzimbiri la pa felemu analipala mochita kufufuza ndi zala, n'kupaka penti yabuluu. Manja awo akuonabe, achimwene. Maso ndiwo anawathawa.

Ndinagula unyolo ndi loko n'kuimangirira ku chitsulo cha pawindo. Pochokera ku Misa ndinapeza unyolo uli patebulo, ataudula ndi sowo, eni ake atapita kale kukatenga buledi. Pobwera anati, "Odalys, iwe mwana wa makaniko ungagule loko wa chidole ngati ameneyu? Wandichititsa manyazi."

Apa m'pamene ndinayambira kuchimwa. Iwo akagona masana, ndinkapita mumpata muja amaimika njinga n'kumasula kachitsulo kamodzi. Lero valavu, sabata inayo nati ya tayala, kenako pedulo lathunthu, mpaka tcheni. Iwo ankakudandaulirani pafoni, inu n'kumatumiza zina, ine n'kumasulanso. Thukuta lanu lonselo lili m'chitini kuseri kwa chifanizo cha Amayi Maria. Ndikamanena kolona ndimalephera kukweza maso.

Ndinkadziuza kuti bodza lopulumutsa moyo silolemera. Sindinaganize kuti likagwera wina.

Mpata uja timagwiritsa ntchito limodzi ndi a Remberto oyandikana nafe, mnzawo wa Ababa wa kuyambira kufakitale. Mwezi watha, anthu ali pa masewera a domino pakhomo, Ababa anadzuka n'kuwaloza chala. Anati, "Remberto, galu iwe, ndinakunyamula pa keriyala zaka zonsezi, lero ukundidya njinga chiwalo chimodzichimodzi?" A Remberto anayika domino zawo pansi mwakachetechete, nati, "Evelio, ukanakhala ndi maso ukanaona kuti wavala malaya chotembenuza." Anthu anaseka, koma a Remberto analowa m'nyumba mwawo osaseka.

Mawa lake ndinapita kukawapepesa. Sanandilole kumaliza. Anati anandiona kalekale pawindo ndili ndi sipanala, ndipo ndimamasula mopanda luso. Kenako anati, "Mwanawe, msiye anditukwane. Bola andiyitane wakuba ali moyo kusiyana n'kuti ndikamunyamule m'bokosi ndili mnzake."

Ndinabwerera ndikulira, koma kwa Ababa sindinaululebe. Mantha, achimwene.

Tsopano Ababa sakhalanso pakhomo. Njinga anailowetsa kuchipinda, anaimanga ku mwendo wa bedi, kiyi ali m'khosi pamodzi ndi mtanda. Khofi wa m'mawa, amene ankagawana ndi mnzawoyo m'kapu imodzi, amamwa theka, wotsalayo n'kuzizira. Dzana ndinawamva akuyankhula okha kuti munthu ukakalamba ngakhale m'bale amakubera.

Chandilembetsa kalatayi ndi ichi. A Remberto shuga wawapweteka mwendo, ndipo mwana wawo akubwera kudzawatenga Lolemba kuti akakhale naye kutali ku Holguín. Ulendo umenewo, pa msinkhu wawo, si wobwererako. Akapita chonchi, amuna awiriwa adzasiyana ali pa udani umene ndinaufesa ine.

Ndinakalapa kwa Bambo Mfumu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nati Mulungu akudziwa kuti ndinkateteza bambo anga, koma mbiri ya munthu wosalakwa si yanga kuti ndilipirire chitetezocho. Kuyambira tsikulo sindinapite kukalandira Ukaristia.

Choncho Lamulungu likubwerali, tikachoka ku Misa, ndidzayitana a Remberto, ndidzakhuthula chitini chija patebulo, Ababa akhudze zitsulozo ndi manja awo. Ndidzanena kuti wakuba ndine.

Pempho langa ndi lakuti tsikulo muyimbe foni nthawi ya nkhomaliro. N'chifukwa chake kalatayi ndaijambula n'kuitumiza pafoni ya alamu. Musadzawanyengerere ndi nkhani za matayala atsopano monga mumachitira. Mudzawauze ndi pakamwa panu kuti nanunso mukuti njinga basi. Inu ndinu mwana wamwamuna woyamba, mawu anu amawamva. Ine ndatopa kukhala ndekha mwana wowadula miyendo, inu muli mwana wotumiza mphatso. Pepani, koma ndi mmene zilili mumtima mwanga.

Akwiya, ndikudziwa. Mwina sadzatiyankhula mpaka Khirisimasi. Koma ngati pali woti adane naye, adane ndi ife ana awo awiri, a Remberto akwere basi atagwirana chanza ndi mnzawo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Dayana ndi Maikel. Muwauze kuti agogo awo amawatchula tsiku lililonse. Amayi Maria akufungatireni nonse, ndipo mundipempherere kuti lilime lisadzandiume Lamulungu.

Ndine mlongo wanu,
Odalys