Mayina Anayi, Dzanja Limodzi

Lolemba, pa 9 Juni

Okondedwa Achemwali,

Poyamba ndifunse moyo wanu. Chifuwa munkadandaula chija chinatha? Kuno matupi ali bwino. Nsapato munatumiza zinafika, koma za amayi zachepa pang'ono, moti akumazivala atapinda kumbuyo, ndipo wina asayerekeze kuwauza kuti apatse ena. Denga la kubafa tinakonzetsa. Ku saluni ntchito ikuyenda, ngakhale kuti chowumitsira tsitsi chachiwiri chija chafanso.

Ndazungulira mokwanira. Pepala ili ndi lachitatu, awiri ndang'amba, ndiye ndingonena. Shedi ya amayi yosokeramo zovala akufuna kuigwetsa pa 30 mwezi uno, ndipo amene wachititsa zimenezi ndine. Mpaka pano mutu wanga sukugwira. Ndijambula masambawa n'kukutumizirani pafoni, chifukwa ndikati ndiimbe ndingolira, inu osamva kanthu.

Mukukumbukira msonkhano wa anthu a mumsewu wathu, uja umachitika Loweruka loyamba la mwezi m'holo ya sukulu. Pakhomo pamakhala tebulo, pepala ndi bolopeni yomangirira chingwe, aliyense wolowa n'kulemba dzina lake. Banja likajomba katatu, mayina ake amakawamata pabolodi la pa siteji ya basi kuti aliyense aone. Bambo manyazi amenewo sankawafuna, koma kukhala pa benchi maola atatu kumvera za agalu ndi zinyalala sankakufunanso. Ndiye ankangonditi, "Mlembi, thamanga ukatilembe." Ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mayina anayi, nthawi zonse motsatana: la bambo, la amayi, lanu, kenako langa. Inu munachoka zaka zitatu zapitazo, ine osasiya. Bambo anatisiya, Ogasiti akubwerayu zikwana zaka ziwiri, ine osasiyabe.

Mwezi watha tsiku la msonkhano ndinali ndi mitu isanu ndi iwiri ya anthu a ukwati ikundidikira ku saluni. Ndinalemba mayina athu, ndinakhala kumbuyo pang'ono, ndipo atayamba kukangana za mgolo wa zinyalala ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Ndi mmene ndimachitira mwezi ndi mwezi. Ambiri anachitanso chimodzimodzi. Anthu atachepa, wapampando, abambo a galimoto yoyera aja, anabweretsa nkhani yomaliza: mashedi asanu a m'mbali mwa khoma la sukulu achoke, pakhale poimika magalimoto. Eni magalimoto onse anali chikhalire, ngati anapangana. Anakweza manja khumi ndi asanu, otsutsa asanu ndi anayi okha, nkhani n'kutha.

Ife tinadziwa patatha sabata, titapeza chizindikiro cha penti yofiira pachitseko cha shedi. Amayi anayamba aganiza kuti ndi ana a sukulu, n'kutenga sopo ndi chiguduli kuti apukute. Anawauza ndi abambo osoka nsapato a shedi yoyandikana nayo. Achemwali, shedi ija bambo anaimanga okha, mukudziwa, ndipo makina a amayi akhala mmenemo zaka makumi awiri ndi ziwiri. M'nyumba mulibe pamene angaike tebulo lodulira nsalu, komanso makasitomala awo ndi anthu otsika basi. Kuichotsa pamenepo ndiye kuti ntchito ya amayi yatha.

Dzana, Loweruka, kunali msonkhano wina, ndipo amayi anapita, koyamba chibadwire. Anavala diresi la kutchalitchi ndi nsapato zanu zija, tepi yoyezera ili m'khosi, ataiiwala. Ndinawaperekeza, ndikudziona ngati mwana wabwino kwabasi.

Komiti ili ndi mlembi watsopano, mphunzitsi wa masamu amene anasamukira kuno Januwale. Anthu anamupatsa dzina loti Mayi Ndime, chifukwa sangakupatse ngakhale moni osatchula ndime ya malamulo. Abambo osoka nsapato anaimirira n'kufunsa ngati msonkhano wa mwezi watha unali ndi anthu okwanira kugamula nkhani yaikulu chotere. Mayi Ndime anayankha kuti malinga ndi ndime yachisanu pamafunika mayina makumi anayi papepala la pakhomo, ndipo tsikulo analipo makumi anayi ndi awiri. Kenako anachita chimene palibe mlembi anachitapo chiyambire misonkhanoyi. Anati pofuna kuti aliyense akhutire, awerenga mayinawo mokweza.

Ine sindinaganize kanthu, ndikukuuzani zoona. Ndinali ndikuyang'ana tsitsi la mayi wa kutsogolo kwanga, ndikuganiza kuti anamuluka molakwika. Ndiye ndinangomva dzina la bambo, lonse lathunthu, mmene anawatchulira abusa pamaliro.

Mayi Ndime, posawadziwa bambo, anapitiriza: la amayi, lanu, langa. Apo abambo ometa tsitsi anadzuka, chipewa chili m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani amayi, munthu mwamutchulayo tinamuika m'manda. Bokosi lake ndinanyamula nawo ine."

Zimene zinatsatira sindinazionepo. Anthu anakwera pa mabenchi. Ena ankaloza wapampando kuti ndi wakuba, wafika polemba akufa kuti apeze poimika galimoto. Wapampando thukuta kamukamu, akulumbira pa ana ake kuti pepalalo sanalikhudze. Ndipo apa ndi pamene pakundichititsa manyazi koposa. Sindinadzuke. Ndinakumbatira chikwama changa, ndipo mayi wa tsitsi uja atacheuka n'kunena kuti anthu ena alibe umunthu, ine ndinapukusa nawo mutu, ngati ndikudabwa.

Amayi anadzuka pang'onopang'ono, n'kuyenda mpaka ku tebulo lakutsogolo. Anapempha pepalalo, anavala magalasi awo osokera, anayang'ana kanthawi. Kenako anabweza mwaulemu, ndi manja awiri, n'kutuluka osayang'ana kumene ndinakhala.

Ndinawapeza m'shedi akusoka yunifolomu ya mwana wina, chitseko cha penti yofiira chija chili chotsekula. Ndinaima pakhomo ngati kasitomala wachilendo. Anamaliza msoko wonse, anadula ulusi ndi mano, ndiye anayankhula osakweza mutu.

"Bambo ako shedi iyi anaimanga masabata atatu, msana ukuwapweteka. Lero ndamva pagulu kuti anabwera kudzaigwetsa."

Ndinati amayi, ndinazolowera, dzanja linangolemba lokha. Iwo anati zilembo zanga sangaziphonye, chifukwa anandiphunzitsa kugwira pensulo ndi iwo, pa tebulo lomwelo lodulira nsalu. Sanandikalipire. Bola akanandimenya ndi rula yawo ija. Anangopondanso makina, ndipo kuyambira pamenepo mawu amene anena kwa ine ndi oti chakudya chili pa tebulo basi.

Kwa amayi ndinanena za chizolowezi, koma kwa inu ndinena chenicheni. Bambo atamwalira, komiti inandiuza kawiri kuti ndipite ndikawafufutitse m'buku la okhala mumsewu. Sindinapite. Zovala zawo tinagawa, foni yawo tinapatsa amalume, inu muli kutali. Malo amodzi okha amene tinali tidakali anayi anali papepala lija. Mwezi uliwonse ndinkalemba dzina lawo pamwamba, ife atatu pansi pake, ndipo ndinkatuluka m'holomo mtima uli m'malo. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti mayina amenewo wina amawawerengera, kuti amagamulira zinthu. Kwa ine msonkhano unali tebulo la pakhomo lija basi. Zaka khumi ndi zisanu ndikupita, dzanja sindinakwezepo.

Dzulo masana ndinapita kwa Mayi Ndime. Ndinawapeza akuchonga makope a ana pakhonde, ndipo ndinaulula zonse. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, koma anangovula magalasi n'kundiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Akuti analiyang'anitsitsa pepalalo, ndipo pa mayina makumi anayi ndi awiri, manja amene analemba sakupitirira makumi atatu. Si ine ndekha! Anthu omwe aja ankakuwa pa mabenchi, ena mwa iwo amalembera amuna awo, apongozi awo, ana awo a ku sukulu zogonera. Koma malamulo salola mlembi kufufuta dzina chifukwa chongokayikira zilembo. Wolemba aulule yekha, ndipo mwini dzina, ngati ali moyo, akane ndi dzanja lake kuti sanaliko. Woulula mpaka pano ndine ndekha, ndipo sindikukhulupirira kuti wina atuluka.

Ndiye werengani nane. Tikachotsa la bambo atsala makumi anayi ndi limodzi. Amayi alemba kale kalata yawo yokana, ndiye atsala makumi anayi ndendende, ndipo wapampando akuti amenewo ndi okwanira, chigamulo chikhalebe. Latsala lanu. Likachoka lanu atsala makumi atatu ndi asanu ndi anayi, msonkhano uja ukhala ngati sunachitike, ndipo nkhani ya mashedi aiyambanso. Aliyense akudziwa kuti simuli kuno, koma akazi a wapampando akulumbira kuti anakuonani m'holomo mutanyamula ambulera yobiriwira. Inu, ambulera yobiriwira! Ndikanaseka zikanakhala kuti ndi nkhani ya anthu ena.

Pempho langa ndi limeneli, Achemwali. Lembani kalata yaifupi ndi dzanja lanu, yonena kuti pa 3 Meyi simunali pa msonkhano poti mumakhala kwina, ndipo simunatume munthu kukulemberani. Musainire. Mujambule munditumizire lero lomwe, kenako pepala lenilenilo mutumize pa mtengatenga wachangu, chifukwa Mayi Ndime akuti chithunzi chokha sichikwanira. Lifike pasanafike pa 28, tsiku la msonkhano wapadera. Likachedwa, pa 30 m'mawa akubwera ndi nyundo.

Sindikubisirani mtengo wake. Mukalemba kuti mumakhala kwina, dzina lanu alichotsa m'buku la mumsewu. Ndikudziwa kuti zikupwetekani, inu amene mumati kumeneko mukungogwirako ntchito, kwanu ndi kuno. La bambo lichoka. Ine andiimika kutsogolo kuti ndinene ndi pakamwa panga zimene ndinachita, ndipepese wapampando amene anamutcha wakuba chifukwa cha ine, kenako andiletsa kuvota chaka chathunthu. Ku saluni nkhani ili kale m'kamwam'kamwa. Lero kasitomala wina wandifunsa akuseka ngati ndingamulembereko agogo ake, ine n'kungopitiriza kumupesa. Pakhomo pathu, pa mayina anayi aja, patsala limodzi, la amayi.

Ndipo ngakhale zonsezi zitatheka, shedi sinapulumuke ayi. Angovotanso basi, ndipo eni magalimoto adzakhalanso mpaka kumapeto. Koma mukanawaona amayi! Kuyambira dzulo akuyenda khomo ndi khomo pamodzi ndi abambo osoka nsapato, tepi ili m'khosi. Amayi omwe aja ankati misonkhano ndi ya anthu opanda chochita. Ndinawamva pa mpanda akuuza aneba kuti pa 28 abwere okha ndi miyendo yawo, asatume mwana, ndipo adyeretu kunyumba chifukwa palibe wotuluka manja asanawerengedwe. Apempha kwa Mayi Ndime kabuku ka malamulo, ndipo akuwerenga akamadya, chala chili pamzere. Ine sanandipemphe kuti ndiwaperekeze.

Chatsala chimodzi, ndipo ndachizindikira pompano, ndikufika kumapeto kwa tsamba. Makalata onse amene ndakulemberani zaka zitatu izi ndimamaliza ndi mawu oti amayi akupereka moni, azakhali akupereka moni, aneba onse akuti mafuno abwino. Achemwali, sindinkawafunsa. Ndinkangolemba, poti ndinkadziwa kuti akanatero. Dzanja langa pompano linayamba kale kulemba "amayi aku", ndiye mukaona pofufutidwa m'munsimu mudziwe kuti ndi pamenepo.

Lero sindilembera munthu. Ndangochokera kukawauza amayi kuti ndikukulemberani, kuti ndasiya mpata pansi pa dzina langa, ndipo bolopeni ndaiika pambali pa makina awo. Iwo angopitiriza kusoka. Ndidikira mpaka atseke shedi, kenako ndijambula mmene tsambali lidzakhalire. Mukapezapo zilembo zawo, mudziwe kuti alemba okha. Mukapeza poyera, musawadandaule, mlandu ndi wanga.

Moni amene ndingakupatseni mosanama ndi mmodzi yekha. Ndakusowani kwambiri, ndipo ndikuchita mantha. Muzivala zofunda, chifuwa chija chisabwerere.

Ndine mng'ono wanu,
amene bambo ankamutcha Mlembi,
ndikudzilembera ndekha.